Kupha Fomu ya Alamu

Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zimene a Ndondomeko anakhala pawindo lachitatu mu ofesi yolembetsa obadwa ndi omwalira, palibe amene anawaonapo akuthamanga. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pantchito pofuna kuwaseka, koma iwo analilandira ngati mendulo. Anayamba ngati mesenjala, kukwera ndi kutsika masitepe atakumbatira mafayilo. Tsiku lina bwana wina wakale anaona mmene analembera adiresi pa envelopu, nati dzanja lotere n'kulakwa kulinyamulitsa katundu. Anawakhazika pa kaundula wa imfa, ndipo kuyambira pamenepo dziko lawo linali la zinthu zinayi: fomu, kaundula, rula ndi chidindo.

Ntchitoyo ili ndi malamulo ake. Fomu iliyonse ya imfa ili ndi nambala, ndipo ikang'ambidwa m'buku imasiya kachidutswa kamene mu ofesimo amati chitsa. Fomu siidindidwa isanalowe m'kaundula. Ikalakwika siitayidwa, imaphedwa: mizere iwiri yofiira yopingasa, pa fomupo ndi m'kaundula momwe, kenaka imabayidwa ndi pini pachitsa chake. Mawuwa anazolowereka moti m'mawa unkamva wina akufunsa mnzake, "Dzulo munapha zingati?" Mnzakeyo n'kuyankha akupemerera tiyi, "Ziwiri zokha, dzanja linali bwino." Akazi awo a Ndondomeko, amene ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde, nawo anazolowera. Amuna awo akafika nkhope ili gwa, ankangofunsa kuti, "Mwapha kodi lero?" n'kuwathirira madzi osamba.

Ndiye kunabwera anthu a kanema.

Panali mabuku asanu ndi limodzi otchuka, onena za wofufuza milandu amene akasowa mboni amakafunsa wakufayo. Ambiri mwa amene ankati anawawerenga anali atangoona zikuto zake, koma zimenezo sizinawaletse kukhala ndi maganizo. Kampani ina inaganiza zowasandutsa sewero la pa kanema, ndipo inkafuna ofesi yakale, ya makabati achitsulo ndi fumbi lenileni. Kulikulu anavomera ndi kalata ya masamba awiri. Popeza ankajambula Loweruka, Bwana Wamkulu anasankha a Ndondomeko kuti akatsekule zitseko ndi kuyang'anira kuti mipando isasowe.

Vuto linayamba ataona fomu imene anthuwo anabwera nayo. Inali yobiriwira. Fomu ya imfa ndi yotuwa, ndipo yakhala yotuwa kuyambira kalekale. Wochita sewero amene anakhala pawindo anagwira chidindo ngati akufuna kuswera mtedza. A Ndondomeko anapirira kawiri. Kachitatu anatsokomola.

"Pepani, bambo," anauza mkulu wa sewerolo, munthu wovala chipewa m'nyumba, "chidindo sachimenya. Amachikhazika, n'kutsamira."

Mkuluyo anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku magalasi. "Madala, nkhope imeneyi mwakhala mukuibisa kuti? Khalani inuyo pamenepo. Chitani mmene mumachitira. Lembani dzina lililonse."

Dzina lililonse kulibe. Dzina lililonse lili ndi mwini wake. Koma a Ndondomeko anali ndi mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, wowotcherera zitsulo, munthu wa pakamwa posatseka, amene chimvereni za kujambulako sanawapatse mtendere. "Alamu, mundiikeko. Ngati nkhope yanga ikuswa kamera, ngakhale dzina lokha. Inu mumangotchukitsa akufa, ife amoyo tinakulakwirani chiyani?" Choncho, mwa chifundo, analemba dzina la mlamu wawo, maina onse atatu ndi tsiku lobadwa. Analemba pa fomu yeniyeni, poti yobiriwira ija dzanja lawo linaikana. Ndipo popeza fomu siidindidwa isanalowe m'kaundula, anayamba aiika m'kaundula. Ankati akangomaliza kujambula aipha pomwepo. Inki yofiira inali kale pambali.

Koma atamaliza, wa chipewa uja anaitola fomuyo n'kuiika m'chikwama. "Tikuifunanso kutsogoloku. Lolemba muilandira."

Lolemba limenelo silinafike. Fomu siiphedwa palibe fomuyo. A Ndondomeko analemba makalata atatu odziwitsa Bwana Wamkulu, makalatawo anatsekulitsa fayilo, ndipo nkhani ikapeza fayilo ndiye kuti yaikidwa mwaulemu. Dzina la mlamu linatsala m'kaundula, pakati pa mphunzitsi wopuma ndi khanda la masiku atatu.

Patatha miyezi isanu ndi itatu sewero linayamba kuonetsedwa, Lamlungu lililonse madzulo. Analilandira mosiyanasiyana. Owerenga mabuku anadandaula kuti wofufuza wa m'mabuku ndi wamfupi, wadazi, wodwala mphumu, pamene wa pa kanemayu ndi chimnyamata chachitali chimene ngakhale mizimu yachikazi inkachiyankha mwamanyazi. Bungwe lina la makolo linalemba kalata yoti seweroli likuphunzitsa ana kucheza ndi akufa, ngati kuti anawo amoyo ankacheza nawo. Ometa tsitsi ankatsutsana ngati umboni wa mtembo ungaloledwe m'khoti. Onse odandaulawo sanaphonye gawo ndi limodzi lomwe.

Pa gawo lachisanu ndi chimodzi mlamu anabwera ndi akazi ake kudzaonera kwa a Ndondomeko, atavala jekete. Pabalaza panadzaza. Zimene zinaoneka sizinali zimene a Ndondomeko ankakumbukira. Ofesi yawo anaidetsa, naithira kuwala kwa buluu. Pansipansi pankalira ng'oma ngati mtima. Ndiye mawu a wofufuza uja anamveka: "Mumzinda muno muli kalaliki wina. Iye salemba amene afa. Amalemba amene afe."

Kamera inakwera pang'onopang'ono kuchokera pa rula mpaka pa magalasi a a Ndondomeko. Inatsikanso, n'kuima pa dzinalo nthawi yokwanira kuti ngakhale wa sitandade thu aliwerenge. Chidindo chinakhazikika, n'kutsamira.

"Ndine ameneyo!" mlamu anakuwa, akumenya tebulo. "Mwaona? Maina onse atatu! Alamu, inu ndi munthu!"

Anaseka yekha. Akazi ake anali atagwira pakamwa. Akazi a a Ndondomeko anadzuka n'kukazimitsa mbaula imene sinali yoyaka.

Pofika Lachiwiri anthu anali ataimika chithunzicho pa mafoni, atachikulitsa ndi zala, ndipo wina amene anaika maliro a bambo ake chaka chatha anazindikira chidindocho. Chinali chenicheni. Nambala ya fomu inali yeniyeni. Munthuyonso anali weniweni, windo lachitatu, lowani kumanzere. Za dazi la wofufuza zinaiwalika. Owerenga mabuku anayesetsa kufotokoza kuti kalaliki ameneyu m'mabuku mulibe, koma zimenezo zinangoonjezera mantha: ngati m'mabuku mulibe, ndiye wachokera kuti? Mzere wa pawindo lachiwiri unatuluka mpaka panja, pawindo lachitatu pali mbee. Ena ankabwera kudzangosuzumira, n'kubisa ziphaso zawo m'thumba. Mayi wosesa anayamba kulambalala desiki yawo, moti fumbi linajambula malire ake. Dzina lakuti Ndondomeko linatha. Anakhala a Chidindo.

Iwo ankati zidzatha zokha, monga chimfine. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Patapita masiku khumi ndi limodzi, mlamu anagwa pantchito pake, chowotcherera chili m'manja. Kuchipatala anapeza chotupa m'matumbo. Adokotala anati chakhala chikukula kwa zaka ziwiri kapena kuposa. Anthu anamva, nagwedeza mitu mwaulemu. Chotupacho palibe anachiona pa kanema. Dzina analiona.

Akazi a a Ndondomeko anasamukira kuchipatala kukadikirira mlongo wawo. Lachiwiri masana anabwera kunyumba kudzatenga zovala, ndipo anapeza amuna awo atakhala pakhonde pafupi ndi makina osokera ovundikiridwa.

"Opaleshoni ndi Lachinayi, thu koloko masana," anatero akupinda nsalu, osawayang'ana.

"Adokotala akuti chiyani?"

"Akuti theka-theka. Abambo, dzina la mlongo wanga lichoke m'buku mwanu asanalowe m'chipinda chimenecho."

"Amayi, inunso? Inu mukudziwa kuti bukulo ndi pepala chabe."

"Ndikudziwa. Ine zimenezo sindikhulupirira." Anamanga chikwama. "Koma akazi ake sakundiyankhula. Achibale akafika amandipatsa moni ngati ndanyamula njoka. Mlongo wanga akapanda kutuluka, dzina lili momwemo, lolembedwa ndi dzanja lanu iye akadali wamoyo, ine sindikudziwa kuti ndidzakuyang'anani bwanji. Sindikuopsezani. Ndikungonena kuti sindikudziwa."

"Pamafunika fomuyo kuti..."

"Zaka zonsezi ndamva zimene zimafunika. Chotsani."

Lachitatu anapempha chilolezo cha maola awiri, koyamba chiyambireni ntchito, n'kupita ku kampani ya kanema. Mtsikana wa pakhomo atawaona anaimirira, mpando n'kugwa. Wa chipewa uja anawalandira ndi manja awiri. Anati masekondi makumi anayi awo aposa sewero lonse, anati akufuna awabwezeretse m'chigawo chachiwiri, mwina ndi mkanjo wakuda.

"Ndabwerera fomu yanga, bambo."

"Fomu? Aa, ija! Madala, musaphonye gawo lachisanu ndi chinayi. Wofufuza amaiwotcha pamanda. Inayaka bwino kwambiri, mapepala a boma amayaka mwaulemu."

A Ndondomeko anafunsa ngati phulusa analisunga. Munthuyo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Madzulo a tsikulo anatsala mu ofesi mpaka nthawi yotseka, akuwerenga buku la malamulo a ntchito, limene ankalidziwa ngati mmene ena amadziwira nyimbo za kutchalitchi. Chimene ankafuna chinali pa ndime yakhumi ndi chinayi, yolembedwera anthu amene anasowa, nalembedwa kuti anafa, kenaka n'kutulukira. Fomu ikatayika, nambala yake itha kuphedwa ngati womwalirayo aonekera yekha pamaso pa kaundula, nasaina kuti ali moyo, pali mboni ya udindo imene si mbale wake. Koma ndime yachitatu, ya mzere umodzi wokha, inati kaundula satuluka m'nyumba ino pa chifukwa china chilichonse.

Lachinayi m'mawa anagogoda kwa Bwana Wamkulu nthawi ili hafu pasiti eyiti. Analowetsedwa itakwana leveni. Bwanayo, amene kale ankawalandira atatsamira, anakankhira mpando wake kumbuyo mpaka unagunda khoma, ndipo anatembenuza kachikwangwani ka dzina lake kamene kanali padesiki.

"Nkhani yanu ndikuidziwa. Ndi yomvetsa chisoni. Womwalirayo abwere."

"Ali pa bedi, bwana. Ali ndi mapaipi. Thu koloko akulowa ku opaleshoni."

"Ndiye abwere akachira."

"Akapanda kuchira, bwana?"

Bwanayo anaganiza. "Zikatero ndiye kuti kaundula alibe cholakwa. Tidzangokonza tsiku." Ataona nkhope ya a Ndondomeko anafewetsa mawu. "Musandimve molakwa. Mutu umodzi susenza denga. Ndakhazikitsa kale komiti yoti ione nkhani yonseyi, kuphatikizapo mmene fomu ya boma inapezekera pa kanema. Ikumana pa teni mwezi wamawa."

"Mukadandilola nditenge kaundula, bwana. Ola limodzi."

"Inuyo, a Ndondomeko? Inuyo mukundipempha ndiphwanye ndime yachitatu? Munandiphunzitsa ndinu ndime imeneyo, ine ndikubwera kumene." Anatsegula fayilo ina. "Sindinamve. Mutseke chitseko potuluka."

Anabwerera pawindo lawo. Wotchi ya pakhoma inati twente pasiti leveni. Anakhala manja ali pa kaundula. Bukulo linali lalikulu ngati mwana wa chaka chimodzi, lachikuto chakuda, ngodya zake zachikopa zitanyezimira ndi manja awo omwe. Anaganiza za zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zopanda kalata yochenjeza ndi imodzi yomwe. Anaganiza za makina osokera ovundikiridwa pakhonde. Wotchi inati thwelofu. Anzawo anatuluka kukadya, aliyense akudutsa patali ndi malire a fumbi aja. Hafu pasiti thwelofu anaika rula, cholembera chofiira ndi chidindo m'thumba la jekete. Chikwama chokwana bukulo panalibe. Analinyamula poyera, pachifuwa.

Mlonda wa pageti ntchito yake inali yosecha aliyense wotuluka, ndipo ankaikonda moti ankasuzumira ngakhale m'mabokosi a chakudya. Ataona a Chidindo akubwera ndi buku lakuda, anayang'ana kumwamba ngati kukubwera ndege.

"Achimwene," anatero a Ndondomeko, poti chikumbumtima chinawakakamiza, "ndatenga kaundula."

"Sindinaone kanthu, bwana wanga. Ine ndili ndi ana anayi. Dutsani, ndipo dzina langa simukulidziwa."

Mu minibasi anapeza malo ambiri kuposa amene analipirira. Mayi wina anatsika asanafike kumene amapita. Kondakitala sanawafunse ndalama, ndipo iwo anachita kumukakamiza kuti alandire. Pamphambano yaikulu panali mzere wa magalimoto wosayenda, lole itafera pakati. Teni pasiti wani. Twente pasiti. Thukuta linatsikira pachikuto cha bukulo, iwo n'kulipukuta ndi mkono wa jekete. Dalaivala anawayang'ana pagalasi, nawona akuyang'ana wotchi, kenaka akuyang'ana iye. Sanadikirenso. Anakwera m'mbali mwa msewu, kudutsa pakati pa ogulitsa makabichi, ndipo anakawatsitsa pakhomo penipeni pa chipatala, pamene minibasi siziloledwa kufika.

Kuchokera pageti mpaka ku wodi ya amuna, a Ndondomeko anathamanga. Mboni zilipo.

Wodiyo inali ya mabedi makumi awiri, ndipo pakona panali kanema wopachikidwa, amene Lamlungu lililonse odwala ankaonerapo sewero lija. Atangoima pakhomo, akupuma mwa befu, buku lili pachifuwa, phokoso lonse linazima. Bambo wina wa mwendo wa pulasitala anadzifunditsa bulangete kumutu. Wina anayamba kupemphera mokweza. Wodikirira wina anang'amba kapepala ka dzina kamene kanali kumutu kwa bedi la m'bale wake n'kukaika m'kamwa.

Nesi wamkulu, mayi wamphamvu wa wotchi yolendewera pachifuwa, anawatsekera njira.

"Nthawi yoona odwala yatha. Mukufuna chiyani?"

Kumapeto kwa wodi anaona bedi la matayala, anthu awiri ovala zobiriwira atagwira kale m'mbali. Pambali pake panaima akazi awo ndi akazi a mlamu. Kotala thu thu.

"Mayi, chonde," anatero, mpweya ukuwathawa. "Ndi alamu anga awo. Sinditenga nthawi. Ndingopha n'kumapita."

Wa bulangete uja anakuwa. Akazi a mlamu anadziponya pa bedi la matayala, kuphimba amuna awo ndi thupi lawo. Nesi anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, kenaka anakumbukira udindo wake natambasula manja onse awiri.

"Itanani alonda! Muno simupha munthu, bambo inu!"

"Ayi, si choncho. Ndikupha kamodzi kokha, mizere iwiri basi, ndabwera ndi rula..."

Anapisa m'thumba kuti aonetse rulayo, ndipo chimene chinatuluka ndi chidindo. Chinagwa pansi n'kugubuduzika mpaka pansi pa bedi lina, mwini bediyo, amene anali asanayende masabata awiri, n'kudumpha. Kukhonde kunamveka nsapato za alonda. Ovala zobiriwira aja anayamba kukankha bedi la mlamu kuti atulukire khomo lakumbuyo.

"Taimani."

Anali akazi a a Ndondomeko. Sanakweze mawu, koma ndi mayi amene anazolowera kuyankhula makina osokera akulira. Sankayang'ana nkhope ya amuna awo. Ankayang'ana bukulo. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali atalimva kutchulidwa tsiku ndi tsiku ngati mkazi mnzawo, koma anali asanalionepo ndi maso.

"Abambo, limenelo ndi kaundula?"

"Eya, amayi."

"Latuluka?"

"Latuluka."

"Bwana avomera?"

A Ndondomeko anakumbatira bukulo molimba. Mayiwo anawayang'ana tsopano: tayi itapotoka, thukuta, nsapato imodzi yomasuka chingwe. Kenaka anatembenukira kwa nesi.

"Asiyeni adutse, anesi. Kupha kwa kuntchito kwawo n'kwina. Akati apha ndiye kuti afufuta. Abwera kudzachotsa dzina." Anagwira akazi a mlongo wawo paphewa n'kuwadzutsa pa bedipo. "Dzukani, mlamu. Bambo awa ngakhale nkhuku amaipereka kwa aneba kuti awaphere."

Pansi pa nsalu panatuluka mawu ofooka, koma pakamwa pake panali pomwe paja. "Alamu, mwabwera? Ine ndinapempha dzina lokha, inu mwandipatsa ndi maliro omwe."

Analitsegula bukulo pamiyendo pa wodwalayo, poti tebulo panalibe. A Ndondomeko anayamba kufufuza tsamba la dzinalo. Alonda anafika n'kuima pakhomo, osafuna kuyandikira. Wovala zobiriwira wina anati adokotala akudikira, kwatsala mphindi zisanu.

"Ndiyenera kukufunsani," anatero a Ndondomeko, "monga mwa ndime yakhumi ndi chinayi. Kodi inu ndinu mwini dzina ili?"

"Ndine, mwatsoka."

"Kodi muli moyo?"

"Pakadali pano. Fulumirani, alamu, yankho lingasinthe."

Akazi ake analira n'kumumenya pang'ono paphazi. Mlamu anasaina ndi dzanja la paipi, siginecha yokhota ngati waya wopsa. Panatsala mboni ya udindo, yosakhala mbale. A Ndondomeko anapereka cholembera kwa nesi wamkulu. Nesiyo anabisa manja kumbuyo.

"Dzina langa m'buku limenelo? Ine ayi."

"Si m'danga la akufa, mayi. Ndi m'mphepete muno."

"Mphepete ndi pafupi ndi pakati."

Kunatsala mphindi zitatu. A Ndondomeko anayang'ana wodi yonse, ndipo wodi yonse inayang'ana kudenga. Akazi awo ndiwo anayankhula. "Anesi, m'mawa uno munalemba pa khadi kuti mtima wake ukugunda. Munasaina. Apa akukufunsani zomwezo."

Nesiyo anapuma mozama. Anagwira dzanja la mlamu, nayang'ana wotchi yake ya pachifuwa, nawerenga kugunda kwa mtima mpaka atakhutira, pakuti nayenso anali munthu wa ndondomeko. Kenaka anasaina msangamsanga ngati akugwira mbale yotentha.

A Ndondomeko anakhazika rula. Mzere woyamba. Mzere wachiwiri. M'danga la chifukwa analemba ndi dzanja lawo lija la pa envelopu: Wapezeka ali moyo. Wina anakankha chidindo ndi ndodo yoyendera kuchokera pansi pa bedi. Anachitola, nachikhazika, natsamira.

"Mwandipha bwino, alamu," anatero mlamu bedi likuyenda. "Ndikapanda kutuluka mundipatse nambala yatsopano. Yakaleyo yatchuka kwambiri."

Zitseko zinatsekeka.

Anakhala pabenchi ya pakhonde, buku lili pamiyendo. Anadziwa kuti mizere iwiriyo siinachepetse chotupa ndi pang'ono pomwe. Anadziwanso kuti mlamu akapanda kutuluka, anthu adzati a Chidindo anachita kumulondola mpaka kuchipatala. Akazi awo anakhala kumapeto kwa benchiyo. Itakwana fili koloko anasendera, n'kuwerama, n'kuwamangira chingwe cha nsapato.

"Ofesi imatseka hafu pasiti folo," anatero. "Kabwezeni buku la eni."

"Ndidikira."

"Pitani. Zikatha ndikupezani kunyumba. Zikatha mulimonse."

Anawayang'ana kuti atsimikize kuti amva bwino. Mayiwo anali atayang'ana kale ku zitseko zija.

Kaundula anabwerera pashelefu yake nthawi ili twente pasiti folo. Bwana Wamkulu anali ataima pawindo lachitatu, manja kumbuyo, ndipo anangopempha chidindo. Uthenga unafika a Ndondomeko akukwera masitepe a pakhomo pawo: mlamu watuluka, watsitsimuka, ndipo mawu ake oyamba anali ofunsa ngati alipo amene anajambula.

Komiti inakumana pa teni, ndipo inakumananso kawiri. Inapeza kuti, popeza ndime yachitatu imaletsa kaundula kutuluka, kaundula sanatuluke. Mlonda anachitira umboni kuti sanaone kanthu. Motero zinaonekeratu kuti womwalirayo anabwera yekha ku ofesi, pamodzi ndi nesi, nthawi ya nkhomaliro. Komiti inayamikira womwalirayo chifukwa cholemekeza malamulo. Koma pofuna kuteteza mbiri ya ofesi, a Ndondomeko anachotsedwa pawindo n'kutumizidwa kuchipinda chapansi chosungira mafayilo akale, kumene anayambira ali mesenjala. Chidindo chawo anachipereka kwa kalaliki wina, amene amachimenya.

Mbiri ya ofesi siinatetezeke kwenikweni. Nkhani ya ku wodi inayenda kuposa sewero, ndipo tsopano pakhomo la chipinda chapansi pamakhala kamzere ka anthu a nkhope zotopa, atanyamula makhadi a kuchipatala a abale awo, kupempha kuti a Chidindo awajambulireko mizere iwiri yofiira. Iwo amafotokoza modekha kuti sangaphe chimene sichinalembedwe. Anthuwo amati amva, n'kubweranso mawa. Owerenga mabuku nawo akadalembabe makalata, kunena kuti zonsezi m'mabuku mulibe.

Lamlungu lotsatira opaleshoni ija, la gawo lachisanu ndi chinayi, pamene wofufuza ankayatsa machesi pamanda, akazi a a Ndondomeko anali pakhonde, akumaliza kolala ya yunifolomu. Makinawo ankalira kwambiri moti mawu a pa kanema sankamveka. A Ndondomeko anaonerera fomu yawo ikupsa, yotuwa, nambala ikuoneka bwinobwino pangodya. Sanapemphe kuti makinawo aime.